Chimbale Chonyozedwa Chikasanduka Chokondedwa: Nkhani ya Linkin Park

 

Lero tikambirane za nyimbo za chamba cha rock, ndipo tiyang'ane gulu limodzi la ku America lotchedwa Linkin Park. Rock si chamba chimene chimamveka kawirikawiri m'maminibasi mwathu, komabe ambiri a inu gululi munalimvapo ngakhale dzina simunalisunge. Amene munaonera filimu ya Transformers ya mu 2007, nyimbo yotsekera ija ya What I've Done ndi yawo. Amene munavinapo Numb/Encore, anaimba ndi iwowa pamodzi ndi Jay-Z mu 2004. Ndipo inu okonda mpira, pa 31 Meyi 2025 ku Munich, PSG isanakwapule Inter Milan 5-0 mu ndime yomaliza ya Champions League, oimba amene anasangalatsa anthu pabwalo paja anali a Linkin Park.

Chimene chandichititsa kusankha gululi ndi ichi: kuyambira mu 2007, pafupifupi chimbale chilichonse chimene latulutsa chakhala chikulandiridwa ndi mkwiyo wa anthu ake omwe. Kenaka pakapita zaka, chimbale chomwe chija chimayamba kutchulidwa mwaulemu, ndipo mkwiyo umasamukira pa chatsopano. Nyimbo sizinasinthe. Zili momwe anazijambulira. Nanga chimasinthacho n'chiyani?

Tiyambe ndi kumene chikondicho chinayambira. Anyamatawa anayamba kuimba ku Agoura Hills m'chigawo cha California mu 1996. Chester Bennington, wochokera ku Phoenix ku Arizona, anawapeza mu 1999. Pa 24 Okutobala 2000 anatulutsa Hybrid Theory. Mmenemo munali magitala olemera a Brad Delson, rap ya Mike Shinoda, manja a Joe Hahn pa mbale za DJ, ndi mawu a Chester amene ankatha kuimba mofewa kenaka n'kukuwa mpaka tsitsi kukuimirira. Chamba chimenechi anachitcha nu metal. Nyimbo ngati In the End ndi Crawling zinkakamba za mkwiyo, za kusamvetsedwa, za munthu amene akulimbana ndi maganizo ake. Mwana wa zaka 15 wodzitsekera m'chipinda anamva ngati wapeza womulankhulira. Mu 2001 palibe chimbale chinagulidwa kuposa ichi mu America monse. Meteora inabwera mu Malichi 2003, yojambulidwa ndi munthu yemweyo, Don Gilmore, ndi kaphikidwe komweko, ndipo sabata yoyamba yokha inagulitsa makope oposa 800,000 m'dzikomo.

Pali mfundo imene otsatira ambiri amaiwala. Hybrid Theory yomweyo, imene lero imatengedwa ngati muyeso wa zonse, inanyozedwa pa nthawi yake. Akuluakulu a chamba cha metal ankati awa ndi ana opangidwa ndi kampani, oyera kwambiri, osatukwana n'komwe, oimbira ana asukulu. Pofika mu 2014 gululi linaimba chimbale chonsecho, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ku Download Festival ku England, kuchimake kwa metal, khamu likuimba nawo. Ana asukulu aja anali atakula, ndipo bwalo linali lawo.

Mavuto ndi otsatira awo anayamba mu Meyi 2007 ndi Minutes to Midnight. Anyamatawa anali atatopa kubwereza zomwezomwezo. Anaitana Rick Rubin, katswiri wojambula nyimbo amene anagwirapo ntchito ndi Run-DMC, Red Hot Chili Peppers ndi Johnny Cash, nagwetsa nyumba yakale ija. Rap ya Shinoda inatsala m'nyimbo ziwiri zokha, Bleed It Out ndi Hands Held High. Munalowa nyimbo zodekha ngati Shadow of the Day, imene anthu anati ikumveka ngati U2. Anayamba kuimba za nkhondo, ndi za mphepo yamkuntho ya Katrina imene inasakaza New Orleans mu 2005. Otsatira ambiri anati aperekedwa. Anati gulu ladzigulitsa, lathamangira ndalama za pawailesi. Koma pitani mukaone makanema a zoimbaimba zawo za zaka zotsatira. Bleed It Out ndiyo kawirikawiri imatseka usiku, anthu akudumpha mpaka pansi kugwedezeka. Leave Out All the Rest ili m'gulu la nyimbo zimene otsatira amazisunga pamtima. Chimbale chimene chinkatchedwa chiyambi cha kugwa, lero achinyamata amachiwerengera pamodzi ndi zakale zabwino zija.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa chimbale chachinayi, A Thousand Suns, cha mu Seputembala 2010. Apa m'pamene otsatira anagawanika pakati ngati chikwanje chadutsa. Chimbalechi chili ndi zigawo 15, koma nyimbo zenizeni ndi 9 zokha. Zinazo ndi timilatho tolumikiza nyimbo ina ku inzake. Mutu wake ndi mantha a nkhondo ya nyukiliya ndi zimene munthu amachita ndi nzeru zake. Mumamveka mawu enieni a Robert Oppenheimer, wasayansi amene anatsogolera ntchito yopanga bomba la atomu. Mumamveka Martin Luther King Jr., mawu ake akusanduka pang'onopang'ono kukhala a makina. Mumamveka Mario Savio, mtsogoleri wa ophunzira ku Berkeley mu 1964. Magitala anabwerera m'mbuyo, kutsogolo kunabwera ng'oma, piyano ndi phokoso la makompyuta. Gululi linkafuna kuti munthu amvere zonse pamodzi osadumpha, mpaka linatulutsanso chimbalechi ngati nyimbo imodzi yaitali ya mphindi pafupifupi 48.

Tsono taganizirani mnyamata amene wadikira zaka zitatu, wagula chimbale, akuyembekeza gitala lomuphulitsa makutu. Akuyatsa, ndipo mphindi zoyamba akungomva piyano yapansipansi, mawu ngati a mwana opotozedwa ndi makina, kenaka wasayansi wokalamba akulankhula. Ambiri anazimitsa asanafike pakati. Pa intaneti panadzaza madandaulo akuti magitala apita kuti, ichi ndi techno, Linkin Park yafa. Chimbalecho chinafikabe pa nambala 1 ku America, koma makope a sabata yoyamba anali 241,000, pamene Minutes to Midnight inadutsa 600,000.

Lero funsani amene amalitsatira gululi mozama kuti chimbale chawo chopambana ndi chiti. Mudzadabwa kuchuluka kwa amene atchule A Thousand Suns. Waiting for the End amaitenga ngati imodzi mwa nyimbo zokongola koposa zimene analemba. Ine ndili nawo mbali yomweyo, ndipo ndikunena mosabisa: chimbale chimenechi chinaweruzidwa molakwa mu 2010.

Chimachitika n'chiyani m'makutu mwathu? Munthu akamamvera koyamba chimbale chatsopano cha gulu limene amalikonda, amakhala atanyamula chakale m'mutu. Nyimbo iliyonse akuiyeza ndi In the End. Chimene akumva kwenikweni ndi mtunda wa pakati pa chimene amayembekeza ndi chimene wapatsidwa, ndipo mtunda umenewo amautcha kuipa. Pamafunika kumvera kangapo kuti chiyembekezo chija chitope, chikhale pansi, nyimbo iyambe kumveka payokha. Akatswiri a maganizo a munthu analemba kalekale za zimenezi: mu 1968 Robert Zajonc anaonetsa kuti chinthu chikamabwerabwera m'maso kapena m'makutu mwathu, timayamba kuchikonda chifukwa chongozolowera. Makolo athu anazinena mwachidule kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pansi pa zimenezi pali china chopweteka kwambiri. Nyimbo zimene tinakonda tili ndi zaka 15 kapena 18 zimamatirira ku moyo wa nthawi imeneyo: anzathu a kusukulu, chibwenzi choyamba, mkangano ndi makolo, usiku wosagona. Wotsatira akamati bweretsani Hybrid Theory ina, gawo lina la pempho lake ndi lakuti mundibwezere unyamata wanga. Palibe woimba angakwanitse zimenezo. Chester anali ndi zaka 24 pamene Hybrid Theory inatuluka. Pofika 2010 anali bambo wa ana, wazaka 34. Kumuuza kuti azikuwabe za m'chipinda cha mwana wasukulu kunali kumupempha kuti aname.

Ndipo pali chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, chimene kwa ine ndi chachikulu. Tikamati otsatira asintha maganizo, timaganiza ngati ndi anthu omwewo. Nthawi zambiri si omwewo. Amene anakwiya kwambiri mu 2010 anachoka, anakatsata magulu ena, analeka kulankhulapo. Amene anali ndi zaka 14 m'chaka chimenecho, amene Linkin Park anayamba kuidziwira pa The Catalyst ndi Iridescent, analibe chakale choti ayerekeze nacho. Kwa iwo A Thousand Suns ndiyo inali nyimbo ya unyamata. Patapita zaka khumi ndi iwowa amene akulemba m'manyuzipepala, akupanga makanema pa YouTube, akuponya mavoti. Mbiri ya chimbale imasintha chifukwa choti cholankhulira chasintha manja.

Sizinachitikire Linkin Park yokha. Gulu la Weezer linatulutsa Pinkerton mu 1996, ndipo owerenga magazini ya Rolling Stone anachiika pa nambala 3 mwa zimbale zoipitsitsa za chaka chimenecho. Mu 2002 owerenga magazini yomweyo anachiika pa nambala 16 mwa zimbale zabwino koposa m'mbiri yonse. Zaka zisanu ndi chimodzi zokha.

Tibwerere ku Linkin Park, chifukwa mu Juni 2014 anachita chimene odandaula ankapempha. The Hunting Party inali ya magitala okhaokha, ng'oma zothamanga, kukuwa kosalekeza. Anaitana Tom Morello wa Rage Against the Machine ndi Daron Malakian wa System of a Down. Zotsatira zake? Chinaima pa nambala 3 ku America, pamene zimbale zinayi zotsatizana za m'mbuyo mwake zonse zinafika pa nambala 1. N'zoona kuti nthawi imeneyo anthu anali atayamba kuchepetsa kugula zimbale, koma phunziro linalipo: amene amafuula kwambiri pa intaneti si amene amakhala ochuluka.

Tsopano tafika pa chaka chovuta, 2017. Mu Febuluwale anatulutsa nyimbo ya Heavy, Chester akuimba ndi mtsikana wa chamba cha pop, Kiiara. Pa 19 Meyi kunatuluka chimbale chonse, One More Light, cha nyimbo 10, chofewa, gitala losamveka kwenikweni, cholembedwa mothandizana ndi alembi a nyimbo za pop monga Julia Michaels ndi Justin Tranter. Mkwiyo wa ulendo uno unaposa yonse ya m'mbuyo, ndipo unali ndi njira yofikira kwa mwini wake. Mu 2007 wodandaula ankalankhula ndi anzake. Mu 2017 ankalemba pa Twitter ndi Facebook, pomwe woimbayo amawerenga ali pabedi. Chester anapsa mtima. Pocheza ndi atolankhani anayankha mwaukali amene ankati adzigulitsa, nauza anthu kuti aleke kukakamira Hybrid Theory. Corey Taylor wa gulu la Slipknot atamulangiza poyera kuti aziyamikira otsatira ake, Chester anavomera kuti mnzakeyo akunena zoona. Mu Juni, ku Hellfest m'dziko la France, akuimba Heavy, munthu wina m'khamu anamugenda ndi jagi.

Pa 20 Julayi 2017 Chester Bennington anadzipha kunyumba kwake ku California. Anali ndi zaka 41. Tsikulo likanakhala lokumbukira kubadwa kwa mnzake wapamtima Chris Cornell wa Soundgarden, amene anamwalira miyezi iwiri m'mbuyo mwake.

Apa ndilankhule mosamala. Pasapezeke wonena kuti otsatira ndiwo anamupha. Chester ankalankhula poyera kwa zaka zambiri za nkhanza zimene anachitiridwa ali mwana, za kulimbana kwake ndi mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, ndi za matenda a maganizo amene ankamuvutitsa. Nkhani zotere zilibe chifukwa chimodzi. Ndipo kwa inu amene mukumvera muli ndi katundu wolemera mumtima, chonde uzaniko munthu usiku uno: m'bale, mnzanu, mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti, kapena achipatala. Matendawa ali ndi chithandizo.

Chimene ndinganene motsimikiza ndi chakuti m'masiku ochepa chabe One More Light inayamba kumveka mwina. Anthu anabwerera ku Heavy napeza kuti munthuyu ankafotokoza momwe maganizo ake akumulemerera, iwo ali kalikiliki kufunsa za gitala. Nyimbo ya One More Light, imene inalembedwa pokumbukira mnzawo wa ku kampani ya Warner amene anamwalira ndi khansa, inasanduka nyimbo ya maliro a Chester yemwe. Pa 27 Okutobala 2017 ku Hollywood Bowl, pa mwambo womukumbukira, khamu linaimba m'malo mwake. Mu Febuluwale 2024 gululi linatulutsa Friendly Fire, nyimbo yotsalira pa ntchito yomwe ija ya One More Light, yofewa chimodzimodzi, ndipo inalandiridwa ndi misozi ndi manja awiri.

Kusintha kumeneku sindikuika pa mlingo umodzi ndi kuja kwa A Thousand Suns. Kuja kunabwera chifukwa chomvera. Uku kunabwera ndi chisoni, mwinanso ndi manyazi. Imfa siisandutsa nyimbo yofooka kukhala yamphamvu. Kwa ine One More Light ndi chimbale chosakanikira: muli nyimbo zitatu kapena zinayi zogwira mtima, mulinso zina zimene kajambulidwe kake kanazisalaza mpaka kutaya fungo la gululi. Amene ananena zimenezo mu Meyi 2017 sanalakwe, ndipo sayenera kuchita manyazi lero. Wotsatira ali ndi ufulu wokana nyimbo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo woimba wotchuka amadziwa zimenezo. Cholakwa chinali kulumpha kuchoka pa mawu akuti nyimboyi sindinaikonde kufika pa mawu akuti iwe ndiwe wabodza, ukungofuna ndalama. Oyambawo akuweruza nyimbo. Achiwiriwo akuweruza mtima wa munthu, umene palibe wa ife anauona. Ndipo pa chimbale chimenechi, zinadzaoneka kuti munthuyo ankanena zoona zokhazokha.

Gululi linakhala zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri osaimba poyera. Pa 5 Seputembala 2024 linabweranso ndi woimba watsopano, mayi wotchedwa Emily Armstrong wochokera ku gulu la Dead Sara, ndi woimba ng'oma watsopano, Colin Brittain, m'malo mwa Rob Bourdon amene anasankha kusabwerera. Ife kuno zoterezi tikuzidziwa. Evison Matafale atamwalira mu Novembala 2001, ambiri ankafunsa ngati Black Missionaries ingaime popanda mawu ake. Anyamata a ku Chileka anapitiriza mndandanda wa zimbale za Kuimba, anataya Musamude Fumulani mu 2007, napitirizabe ndi Anjiru, mpaka kunakula m'badwo umene Ma Blacks unawadziwira pa mawu a Anjiru.

Emily analandiridwa ndi mafunso a mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kuwasiyanitsa. Ena anali okhudza mbiri yake, makamaka kuti anakaonekera kukhoti pothandiza Danny Masterson, katswiri wa zisudzo amene pambuyo pake anapezeka wolakwa pa milandu yogwirira. Emily anayankha poyera kuti anadzazindikira kuti sanayenera kutero. Ena a m'banja la Chester nawonso anadandaula ndi momwe kubwereraku kunayendera. Mafunso amenewo ndi a chikumbumtima, ndipo satha chifukwa choti khutu lazolowera. Koma panalinso dandaulo lakale lija litavala malaya atsopano: uyu si Chester, iyi si Linkin Park. Chodabwitsa n'chakuti From Zero, chimene chinatuluka pa 15 Novembala 2024, chinabweretsanso magitala olemera ndi rap, zinthu zomwe anthu analirira kuyambira 2007. Chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi ku Germany, pa nambala 2 ku America, ndipo mu Juni 2025 gululi linadzaza bwalo la Wembley ku London. Pakali pano kwinakwake kuli mtsikana wa zaka 14 amene nyimbo yake yoyamba ya Linkin Park ndi The Emptiness Machine. Tsiku lina iyeyo ndi anzake ndiwo adzalembe mbiri ya chimbale chimenechi, ndipo sadzatifunsa.

Kodi ndiye kuti chimbale chilichonse chonyozedwa chidzakondedwa? Ayi. Zambiri zimanyozedwa n'kuiwalika, ndipo zina zimayenera kuiwalikadi. Nthawi imangochotsa phokoso la chiyembekezo. Ngati pansi pake panalibe kanthu, sipapezeka kanthu. Living Things ya mu 2012 sinakwiyitse anthu ambiri, ndipo lero si imene imakambidwa kwambiri. Chimene chinautsa mkangano waukulu mu 2010 ndicho chakhala ndi moyo wautali, chifukwa munali chinthu choti munthu abwerere kukachifufuza.

Choncho omvera, pempho langa ndi ili. Woimba amene mumamukonda, kaya wa rock, kaya wa reggae, kaya wa nyimbo zauzimu, akatulutsa chimbale chimene chakudabwitsani, musathamangire foni usiku womwewo. Chimvereni kangapo, masiku osiyana. Mukapeza kuti sichikukukomeranibe, nenani, ndipo nenani chifukwa chake: ng'oma, mawu, kajambulidwe. Za mtima wake musiyireni mwini, pakuti zimene mukulembazo amaziwerenga. Ndipo amene muli ndi mpata kumapeto kwa sabata ino, patulani mphindi 48, muyatse A Thousand Suns kuyambira poyamba, osadumpha chigawo ngakhale chimodzi, mudzaweruze nokha ngati ndanama.